Kuyendetsa galimoto mu Zomba osapweteka munthu: malangizo a pang'onopang'ono

Msewu wa M3, wochokera ku Blantyre kupita ku Liwonde ndi Mangochi, sulambalala Zomba. Umalowa m'tauni mwenimweni, kudutsa pa chipatala chachikulu cha Zomba Central, kufupi ndi msika ndi depoti, mpaka kukatulukira ku Chinamwali. Ku Thondwe ndi ku Songani pa tsiku la msika, tomato, nzimbe ndi kaunjika zimafika m'mphepete mwa phula, ogula n'kumanenerera mitengo ataima pamsewu pomwepo. Wogwira chiwongolero kuno amayenda pakati pa anthu amene alibe chitsulo chowatchinga: mayi wonyamula chakudya cha wodwala, mwana wasukulu, wakabaza, bambo wokankha njinga ya makala. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Anthu amenewa ndiwo ayenera kukusankhirani liwiro. Malangizowa ndawasanja motsata ulendo, kuyambira pakhomo.

1. Musanalize galimoto

Izungulireni kamodzi, maso ali pa matayala. Mpweya muzipimitsa matayala asanatenthe, ndipo mlingo wake kawirikawiri umalembedwa pa kapepala komatidwa pakhomo la dalaivala. M'mizere ya tayala muli timapiri ting'onoting'ono ta labala. Tayala likadyeka mpaka kulingana ndi timapiriti, kwatsala mamilimita 1.6 okha, ndipo mvula ikagwa silithanso kukankha madzi. Ambirife timagula matayala oti anagwirapo ntchito kunja, choncho phunzirani kuwerenga zaka zake. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi omalizira pa mzere woyamba ndi zilembo za DOT. Mukaona 2319, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Labala amakalamba ngakhale mizere ikuoneka yakuya, ndipo tayala lokalamba limaphulika pa phula lotentha la mu October.

Pondani buleki galimoto isanayende. Ikamalowa yokha pansi pang'onopang'ono, ulendo wanu ndi wa kwa makaniko basi. Yatsani nyali zonse ndi ma indiketa, wina akuonereni kumbuyo. Yesani mawaipa. Laisensi, inshulansi ndi COF (chikalata chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) zikhale zosatha masiku, ndipo mathirayango awiri akhale pamalo oti mungawatenge msanga, osati pansi pa matumba a chimanga.

Mangani lamba, ndipo okhala kumbuyo amangenso. WHO imati lamba amachepetsa mpaka ndi theka chiopsezo choti munthu afere m'galimoto. Mwana asakhale pamiyendo pa munthu kutsogolo, chifukwa galimoto ikawomba palibe mkono umene ungamugwire. Foni muimbiretu muli chiimire. Woyendetsa akulankhula pa foni amakhala pa chiopsezo cha ngozi kuchulukitsa pafupifupi kanayi.

2. Dziwani kuti liwiro lanu ndi mamita angati

Gawo ili ndilo tsinde la zonse. Nambala ya pa dashibodi siopsa munthu mpaka ataisandutsa mamita.

Pa liwiro la makilomita 50 pa ola, galimoto imayenda mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Pa 80 imayenda mamita 22, pa 100 mamita 28. Kuchokera pamene diso laona mwana akulowa mumsewu kufika pamene phazi laponda buleki, dalaivala wamba amatha sekondi imodzi ndi theka. Nthawi yonseyi galimoto ikuyenda ndi liwiro lake lonse: mamita 21 ngati muli pa 50, mamita 33 ngati muli pa 80, mamita 42 ngati muli pa 100.

Kenaka mabuleki ayambe ntchito yawo. Apa mpamene ambiri amanamizika, poganiza kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira uwirikizanso kawiri. Umawirikiza kanayi. Pa phula louma, ndi matayala abwino, galimoto yaing'ono ya pa 50 imafuna mamita ena 14, yonse pamodzi 35. Ya pa 80 imafuna ena 36, yonse pamodzi pafupifupi 70. Ya pa 100 imakaima patatha mamita pafupifupi 100, kutalika kwa bwalo la mpira kuchokera golo ina kukafika golo inzake.

Tsono taganizani mwana amene watulukira kuseri kwa minibasi pa Namadzi, mamita 35 patsogolo panu. Muli pa 50, muima musanamukhudze kapena mungomukankha pang'ono. Muli pa 80, pofika pamene pali mwanayo phazi lanu langofika kumene pa buleki, ndipo mumuomba ndi liwiro pafupifupi lonse. Dalaivala ndi yemweyo, maso omwewo, mabuleki omwewo. WHO imanenanso kuti woyenda pansi wogundidwa pa liwiro la 65 ali pa chiopsezo cha imfa choposa kanayi poyerekeza ndi wogundidwa pa 50.

Nanga phindu la kuthamangako ndi lotani? Kudutsa kilomita imodzi ya pamsika pa 50 kumatenga masekondi 72. Pa 80 kumatenga 45. Mwapulumutsa masekondi 27, amene mukawataya pa lodibuloko yoyamba. Akuluakulu ponena kuti kuthamanga sikufika anali asanawerengere masamuwa, koma masamuwo akuwavomereza.

3. M'tauni ndi m'misika ya m'mbali mwa msewu

Chikwangwani chozungulira, cha mkombero wofiira ndi nambala pakati, chikukuuzani malire amene simuyenera kupitirira. Sichikukulamulani kuti mufike pamenepo. Polowa m'misika yambiri ya pa M3 mumaona 50, ndipo pofika pa chikwangwanicho mukhale mutatsika kale. Chotsani phazi pa mafuta mukangoona nyumba zayamba kuthithikana, galimoto itsike yokha, m'malo modzaponda buleki mwadzidzidzi pa hampu.

Pali malo ena amene ngakhale 50 yachuluka. Pa geti la chipatala, kuzungulira msika waukulu ndi depoti, pa Mpondabwino, pa Chinamwali madzulo, pa mphambano ya ku Matawale, ndi paliponse pamene pali sukulu nthawi yolowa ndi yoweruka, yendani pa 30 kapena kucheperapo. Akatswiri a zapamsewu amalimbikitsa 30 pamalo amene magalimoto amasakanikirana ndi anthu, chifukwa pa liwiro limeneli ambiri ogundidwa amapulumuka. Njira zopita ku Chirunga nazo zimadzaza ndi ophunzira a pa yunivesite ochokera ku Chikanda ndi madera ena, ambiri akuyenda usiku pochokera kowerenga.

Pa zebra, munthu akaonetsa kuti akufuna kuwoloka, imani. Galimoto ina ikaima pa zebra patsogolo panu, musaipitirire, chifukwa yaimira munthu amene inu simukumuona. Ngozi zowawa kwambiri za m'tauni zimachitika motere: woyamba waima mwaulemu, gogo wayamba kuwoloka, wachiwiri watulukira m'mbali.

Zizindikiro zina sizili pa zikwangwani. Mpira ukagubuduka kulowa mumsewu, mwini wake ali pambuyo. Mbuzi imodzi ikadumpha, zinzake zikubwera. Nthambi zamasamba zoikidwa pamsewu zikutanthauza maliro kapena galimoto yofa patsogolo. Pa maliro tsikani liwiro kwambiri, tsitsani wailesi, ndipo hutala isalire.

4. Akabaza, njinga za katundu ndi maminibasi

Wanjinga ali ndi ufulu pamsewu monga inu. Pomupitirira musiyireni mpata wa mita imodzi ndi theka. Mpatawo ukasowa chifukwa kutsogolo kukubwera galimoto, khalani pambuyo pake mpaka idutse. Kumupanikiza kuti atsike phula n'kumene kumagwetsa anthu, makamaka chigawo cha ku Domasi ndi Malosa kumene m'mphepete mwa msewu muli malo odyeka, phula lili pamwamba dothi lili pansi. Tayala la njinga likatsetsereka pamenepo, munthu amagwera mkati mwa msewu.

Njinga yonyamula matumba a makala, nkhuni, matabwa kapena mabasiketi a nsomba zochokera ku Kachulu imatambalala kuposa mmene ikuonekera, ndipo pachitunda imayenda mokhotakhota. Lizani hutala kamodzi muli patali kuti adziwe kuti mukubwera. Kuliza mutamufika kumamudzidzimutsa, ndipo munthu wodzidzimuka amakhotera kumene wayang'ana.

Minibasi kapena Sienta imene ili patsogolo panu ikhoza kuima paliponse pamene kondakitala waona munthu. Musaiyandikire. Ikaima, yembekezani zinthu ziwiri: wotsika amene adutsire kutsogolo kwake osayang'ana, ndi minibasiyo kubwerera mumsewu popanda indiketa. Njinga zamoto zimalowera mbali zonse, choncho musanakhotere kumanzere yang'anani pagalasi la kumanzere, kenaka tembenuzani mutu pang'ono.

5. Mukatuluka m'tauni

Msewu wa ku Blantyre ndi wosalala m'malo ambiri, ndipo kusalalako ndi kumene kumakopa phazi. Siyani mpata wa masekondi atatu pakati pa inu ndi galimoto yakutsogolo. Sankhani mtengo kapena chikwangwani. Yakutsogolo ikachidutsa, werengani mosathamanga mpaka katatu. Mukafika musanamalize, mwayandikira kwambiri. Kukagwa mvula werengani mpaka kasanu kapena kasanu n'kamodzi.

Kupitirira galimoto inzanu ndiyo mphindi yoopsa kwambiri pa ulendo wonse, popeza mumakhala mbali ya eni ake. Tiyerekeze kuti lole ikuyenda pa 60, inu pa 80. Kuti muidutse ndi kubwerera kwanu bwinobwino pafunika masekondi oposa 10. M'masekondi amenewo inu muyenda mamita oposa 200, ndipo wobwera kutsogolo pa liwiro ngati lanu ayendanso omwewo. Mufunika kuona msewu wopanda kanthu pafupifupi theka la kilomita. Pakhona, pachitunda, pamlatho, pamphambano ndi pamsika simungaone mtunda wotere, n'chifukwa chake amajambulapo mzere woyera wosadukiza. Musauwoloke.

Madalaivala a malole amakonda kuthandiza ndi indiketa: ya kumanja kukuuzani kuti musayerekeze, ya kumanzere kuti dutsani. Ya kumanjayo imvereni nthawi zonse. Ya kumanzereyo musaikhulupirire musanaone nokha, chifukwa mwina akukhota kapena akuima, ndiponso iye sadziwa mphamvu ya injini yanu. Wina akamakupitirirani, musawonjezere moto. Akapanikizika, mutsikireni liwiro alowe. Kulakwa ndi kwake, koma akawombana ndi wakutsogolo inunso muli pomwepo.

6. Kukwera ndi kutsika phiri

Njira ya ku Ku Chawe ndi ku damu la Mulunguzi ndi yopapatiza, yamakhona otsatizana, ndipo mbali ina ndi phompho. Pokwera khalani kumanzere kwenikweni pakhona iliyonse, poti simukudziwa chimene chikutsika: lole ya matabwa, njinga yodzaza nkhuni imene mabuleki ake ndi nsapato ya mwini wake, amayi osenza mitolo, kapena ana ogulitsa zipatso amene amathamangira galimoto.

Kutsika ndiko kumafuna luso. Lowetsani giya yotsika musanayambe mtsetse, 2 kapena 1 kumene kwatsetsereka kwambiri. Pa galimoto ya otomatiki sankhani 2 kapena L. Injini ndiyo igwire galimoto, buleki muziponda mwa apo ndi apo, mwamphamvu pang'ono kenaka n'kusiya. Mukaiponda mosalekeza kuchokera pamwamba, mabuleki amatentha, mafuta ake amatha kuwira, ndipo phazi limangolowa pansi popanda chogwira. Mukamva fungo la chopserera, imani pamalo otakasuka, muwasiye azizire okha. Chizolowezi choika galimoto pa fili kuti musunge mafuta chisiyeni. Mafuta opulumutsidwawo ndi ochepa kwambiri, ndipo mwachotsa injini pa ntchito yogwira galimoto. Malangizo omwewa agwiritseni ntchito potsika mapiri a Machinga kulowera ku Liwonde, kumene malole olemera amatsika pang'onopang'ono ndipo mtima umafuna kuwadutsa pakhona.

Nthawi ya chiperoni, mu June ndi July, nkhungu imatha kuphimba phiri masana. Yatsani nyali zapansi. Zowala kwambiri zimangobwerera m'maso mwanu.

7. Mvula ndi usiku

Mvula yoyamba ya mu November imatsuka mafuta ndi fumbi zimene zakhala pa phula chilimwe chonse, ndipo msewu umaterera kuposa masiku ena onse. Pa phula lonyowa galimoto ya pa 80 imafuna mamita pafupifupi 85 kuti iime. Madzi amabisanso maenje. Zomba ili m'tsinde mwa phiri, choncho mitsinje ngati Likangala ndi Mulunguzi, ngakhalenso timakhwawa ta m'misewu yafumbi, timadzaza mwadzidzidzi pamene mvula yagwa kumtunda. Madzi akamayenda pamwamba pa mlatho musawoloke. Simungadziwe ngati pansi pake padakali msewu, monga tinaonera m'chigawo chakummwera pa namondwe wa Freddy mu March 2023.

Usiku nyali zapansi zimaunika mamita pafupifupi 40 mpaka 50. Kumbukirani kuti pa 80 mufunika 70. Ndiye kuti pamene mukuona njinga yopanda nyali, kapena lole yofa yopanda thirayango, nthawi yoima yatha kale. Yendani liwiro loti mungaime mkati mwa pamene nyali zanu zikufika. Tsitsirani nyali wobwera kutsogolo, ndipo iye akapanda kutsitsa musabwezere, yang'anani m'mphepete mwa msewu kumanzere n'kuchepetsa liwiro, chifukwa kuseri kwa kuwala kwakeko kumakhala anthu.

Za mowa, lamulo la dziko lino limaika malire pa magalamu 0.08 mu mamililita 100 a magazi, koma maso ndi phazi zimayamba kuchedwa munthu asanafike pamenepo. Khofi, kusamba ndi nsima sizichotsa mowa m'magazi. Mwamwa, siyani makiyi. Tulo nato tikakugwirani, imani pamalo owala mugone pang'ono. Kutsegula windo kumangokunamizani kwa mphindi zochepa.

8. Apolisi apamsewu

Akakuimitsani, yatsani indiketa, imani kunja kwa msewu, perekani zimene apempha mwaulemu. Mwapezeka olakwa pa kamera ya liwiro, lipirani chindapusa ndipo mulandire lisiti la boma. Ndalama yopinda m'laisensi imabwezera pamsewu galimoto yopanda mabuleki, imene mawa idzakumana ndi mwana wanu. Chizolowezi chophethirirana nyali pochenjezana kuti kutsogolo kuli kamera ine sindigwirizana nacho. Amene mwamuchenjezayo atsika liwiro mamita 300 okha, akangodutsa n'kupondanso moto pamsika wotsatira.

9. Ngati ndinu wokwera kapena woyenda pansi

Mwalipira ulendo, ndiye muli ndi pakamwa. Dalaivala akamathamanga kapena kuseweretsa foni, lankhulani msanga ndiponso mwaulemu: "Adalaivala, chonde tachepetsaniko liwiro, muno muli ana." Wina akayamba kulankhula, muthandizeni. Kawirikawiri minibasi yonse imakhala ndi mantha omwewo, koma aliyense amadikira mnzake, ndipo woyambayo akasiyidwa yekha amasekedwa kuti ndi wamantha. Zikakanika, tsikani pa siteji yotsatira. Musamuuze dalaivala kuti mwachedwa, aponde moto. Pa mzere wa anthu atatu musalole kukhala wachinayi, ndipo Sienta imene yaika anthu m'buti ipiteni.

Pa kabaza wa njinga yamoto pemphani helemeti ndipo mumange kachingwe kake pachibwano, apo ayi imavuka musanafike pansi. Wokwera akhale mmodzi. Poyenda pansi pamene palibe njira ya anthu, yendani kumanja kwa msewu kuti muziona magalimoto akubwera, ndipo usiku valani chowala kapena yatsani tochi ya pafoni. Mukatsika minibasi dikirani ichoke musanawoloke. Mwana wamng'ono mugwireni pamkono, iye akhale mbali yakutali ndi msewu.

10. Ngozi ikachitika

Imani, yatsani ma hazadi, zimitsani injini. Ikani thirayango imodzi kutsogolo, ina kumbuyo, iliyonse masitepe aakulu pafupifupi 50 kuchokera pa galimoto, ndipo ngati pali khona ikani khonayo isanafike. Ngozi yachiwiri, ya galimoto yolowa m'khamu la odzaona, imatha kupha anthu ambiri kuposa yoyamba, choncho wina aime patali azichenjeza magalimoto.

Wovulala musamukoke miyendo kapena manja. Ngati akudandaula khosi kapena msana, mutu ugwiridwe kuti usagwedezeke, ndipo pomunyamula pakhale anthu angapo, thupi lili lowongoka, pa thabwa kapena chitseko ngati chilipo. Wanjinga yamoto musamuvule helemeti pokhapokha ngati akulephera kupuma. Pamene pakutuluka magazi dinikizani ndi chitenje choyera osasiya. Wokomoka koma akupuma mugonekeni cham'mbali kuti asatsamwe. Musamupatse madzi kapena chakudya, chifukwa mwina akafunika opaleshoni. Chipatala chachikulu ndi Zomba Central. Chakumpoto kuli St Luke's ku Malosa ndi chipatala cha boma la Machinga ku Liwonde.

Kuthawa pamalo a ngozi ndi mlandu. Khamu likalusa moti moyo wanu uli pachiswe, pitani molunjika ku polisi yapafupi mukadzipereke, ndipo muwauze kumene kuli wovulala. Ngati zinthu zili bata, jambulani ndi foni mmene magalimoto aimira musanawasunthe, lembani nambala ya galimoto inayo, dzina la kampani ya inshulansi yake ndi manambala a foni a mboni ziwiri. Kanenereni ku polisi tsiku lomwelo, pasanathe maola 24, ngakhale mutagwirizana pamsewu kuti mukonzerana, chifukwa a inshulansi adzafuna lipoti la apolisi, ndipo munthu amene amaoneka kuti ali bwino pamalopo akhoza kudzatupa mutu usiku. Galimoto ikachotsedwa, chotsaninso miyala, nthambi ndi magalasi osweka amene atsala pa phula.